Funso Lomwe Linali Langa

Sabata zitatu Sauda wakhala pa benchi yanga,
kope lake pakati pa tchizulo ndi misomali,
utuchi ukulowa m'masamba ngati nawo ukufuna kuloweza.
"Baba, ndifunseni."
Ine amene sukulu ndinaisiyira sitandade faifi
ndimawerenga ndi chala, pang'onopang'ono,
ngati ndikusaka mng'alu pathabwa.

"Psuu ndi mawu amtundu wanji?"
"Mvekero."
"Nanga komanso?"
"Mlumikizi."
Ndiye kuti guluu wangayu ndi mlumikizi, ndinatero,
hamala ndi mneni, poti sakhala osachita kanthu.
Sanaseke. Akuti nthawi ikutha.

"Shire akadutsa pansi pa mlatho amakapuma kuti?"
"Ku Malombe."
"Tauni inoyi kale ankaitchula chiyani?"
"Fort Johnston. Limenelo n'lophweka, Baba, pitani kutsogolo."
Zaka makumi atatu ndapalasa njinga
kuzungulira nsanja ya wotchi ija, matabwa kumbuyo,
osafunsapo kuti anaimangiranji.
Mwana wanga akudziwa, ndi chaka chomwe.
Akudziwa kuti maluwa a mlambe amayembekeza mileme usiku,
kuti mvuu sisambira kwenikweni, imayenda ndi miyendo pansi pa madzi,
zomwe Che Jafali, msodzi wa imvi,
anakana mpaka kuvula chipewa n'kulumbira.

Lachinayi anakwera minibasi ya ku Blantyre ndi aphunzitsi ake,
yunifolomu itasitidwa kawiri ndi simbi ya makala.

Loweruka tinadzaza mometera tsitsi mwa Amidu ku M'baluku,
kanema atapachikidwa pamwamba pa galasi losweka pakona.
Akabaza anakana makasitomala.
Wina, mutu utametedwa theka, anati zisiyeni kaye.
Ndipo uyo, wachitatu kuchokera kumanzere,
wamng'ono kuposa m'mene ndimamudziwira,
atakhala pampando wa pulasitiki
womwe ine sindikanaulola kulowa m'nyumba mwanga.

Nsonga ya Mulanje: anayankha.
Chaka cha ufulu: anayankha asanamalize kufunsa.
Mtsinje wa ku Egypt: anayankha, Amidu n'kuwomba m'manja ndi lumo lomwe.
Anyamata a ku Dedza anali pambuyo pake ndi funso limodzi lokha.

Kenaka bambo wa tayi uja anatembenuza khadi.
"Ndi mtengo uti wa kuno kwathu,
wokondedwa ndi opala matabwa,
umene ukautema umatuluka madzi ofiira ngati magazi?"
Nkhope ya Sauda inadzaza kanema yense.
Milomo inatseguka,

magetsi n'kuzima.

Bii. Mvekero umenewo.

"Mlombwa!" ndinakuwa mumdima.
"Mlombwa, mwana iwe, mlombwa!"
Anthu anaseka, wina n'kuti ku Blantyre n'kutali, amisiri.
M'kope lonse lija munalibe funso limenelo.
Ndani akanalilemba?
Wasesa mipalo yake kuyambira ali ndi zaka zisanu,
bedi limene amagonapo ndi mtengo womwewo,
koma sindinamuuzepo dzina.
Ndinkayesa kuti zofunika kudziwa
ndi zokhazo zimene ine sindizidziwa.

Magetsi anayaka akuulutsa za nyengo.

Lamulungu madzulo anatsika pa depoti
atanyamula buku lalikulu la mapu ndi kalata ya nambala yachiwiri.
Tinayenda osayankhulana mpaka pa chigayo.
"Ndinati mbawa, Baba."
Ndinati mbawa nayonso ndi mtengo wabwino,
wakhala ukutidyetsa.

M'mawa mwake anabwera ku benchi wopanda kope.
Ndinatola zidutswa ziwiri pansi,
n'kuzipala kamodzi kamodzi kuti fungo lidzuke.
"Tsinzina. Nunkhiza ichi. Tsopano ichi."
Analakwitsa koyamba.
Analakwitsanso.
Kachitatu anakhala chete nthawi yaitali,
thabwa lili pamphuno,
ndipo ine sindinamuuze kuti nthawi ikutha.