Mpini wa Mopu

Mwini nyumba anakana: padenga pake pasaime mlongoti.
Basi ndinagula paipi ya mkuwa, mamita atatu ndi kachidutswa,
n'kuipinda mozungulira thayala lakutha la basi
mpaka mutu ndi mchira zinatsala pang'ono kupsompsonana.
Pampatapo ndinakhazika kapasita
ya kwa ogulitsa zakale ku Avenida Argentina,
timasamba take tolowana ngati zala za munthu wopemphera.

Loweruka, eyiti koloko usiku, pa mamita makumi anayi:
ndilo pangano langa ndi Baldomero, mng'ono wanga wa ku Punta Arenas.
Masabata atatu adutsa.
Iye amangomva mphepo.

Ndikapotokola pang'ono phokoso limafufuma,
waaa! ngati mvula pamalata,
n'kuzimirira ndisanameze malovu.
Khomo lake n'lochepa kuposa kabowo ka batani.
Ndalipeza! Singano ya mita yagwada, yagona.
Ndingochotsa dzanja,
nyamu, yadzuka, ikundiloza.

Ndinayamba n'kunamizira mchere.
Doko la Valparaíso lili m'munsimu
ndipo mpweya wake umanyambita chilichonse:
mabawuti anali atabiriwira ngati ndere.
Ndinakwecha ndi sandipepa, n'kuwotcherera mfundo zonse,
utsi wa mtovu mpaka m'kolala.
Kenako kamkombero kakang'ono kaja, kopatsira mphamvu:
kukafinya, kukatambasula,
kukakweza chala chimodzi, kukatsitsa theka la chala.
Ndinakokera zonse kutali ndi zitsulo za khonde,
miphika ya maluwa n'kusamukira kubafa.

Lachinayi ndinaonjeza mawati, mtima uli m'mwamba.
Thee! Kamoto kabuluu pakati pa timasamba,
fungo la fumbi lopserera,
mphaka pansi pa bedi mpaka m'mawa.

Anatulukira ndi Ermelinda wa nyumba yam'mwamba,
akuyanika masokosi:
"Don Eleodoro, ndakhala ndikukumverani.
Mukachigwira mumaimba mluzu,
mukachisiya mumatukwana.
Bwanji osachigwira muli patali?"
Anatsitsa pachingwe mpini wa mopu, mtengo wouma gwaa.

Kani vuto ndinali ine!
Thupi langali, thumba la madzi ndi mchere,
limalowa m'masamu a waya mosaitanidwa.
Masabata atatu ndakhala ndikuyeza dzanja langa lomwe.

Lero ndi Loweruka.
Ndaboola mpini kunsonga, ndaumangirira ku kapasita,
ndaima pakhomo la khitchini, mikono iwiri kutali,
ndikupotokola mwakachetechete ngati mbala pa loko.
Pang'ono.
Ayi, ndapitirira. Ndibwerere kam'lifupi mwa tsitsi.
Singano yagona.
Ndasiya.
Ikugonabe.

M'munsi sitima ya makontena ikulira,
magetsi akukwera mapiri nyumba ndi nyumba.
Ndaitana katatu, zilembo zanga chimodzichimodzi,
n'kukhala chete, khutu pa sipika.

Zaka khumi ndi zisanu tinagona chipinda chimodzi, ine ndi iye,
kulimbirana bulangete, osamvana n'kamodzi komwe.

Ndiye uyo,
mawu opyapyala, onyowa ndi chisanu cha kummwera,
akumira, akuyandama, akumiranso:
"Ndakumvani, achimwene.
Mukumveka ngati muli m'botolo, koma ndakumvani.
Kaya mwachita chiyani,
musasunthe pomwe mwaimapo."