Kiyi wa Chigafa

Chaka chimene Rusa unaphwa
mpaka ana kumamenya mpira pamchenga wake,
kiyi anali ndi ine.
Ankalendewera m'khosi pa chingwe cha nsapato,
wozizira ngati khobidi.

Chigafacho chinali cha fodya kale,
bambo anga akadakhulupirira okushoni.
Tsopano munali zigubu khumi ndi zinayi zothira phulusa:
khobwe, mapira, nandolo,
mtedza umene Nangondo anasenda usiku ndi tochi,
ndi kope langa,
la amene wabweretsa ndi amene watenga.

Okutobala tinakumba maenje m'minda.
Odutsa pa msewu wa ku Santhe ankatsika njinga:
"Kodi kwanuko mwamwalira angati?"
Nangondo sankawayankha.
Ankathira manyowa a mbuzi, manja awiri dzenje lililonse,
n'kufunditsa mapesi
omwe kale tinkatentha posaka mbewa.

Mvula inagwa kawiri Khirisimasi isanakwane,
kenako inaiwala njira.
Masabata asanu kumwamba kuli mbee.
Chimanga cha m'mizere chinapota masamba ngati anyezi;
cha m'maenje chinkazolika masana,
dzuwa likapepa n'kudzukanso.

Koma chimanga chosabereka sichilowa m'mimba.
Febuluwale mwana wanga Tsilizani anasiya kulira,
ndipo n'zimene zinandiopsa.
Usiku ndinagwira loko ndi nsalu kuti asalire,
ndinatapa khobwe makapu atatu.
Tinaphika tambala asanalire, chitseko chili chotseka,
utsi ukutiluma m'maso.

Kutacha ndinatsegula kope.
Cholembera chinalemera kuposa khasu.
"Dzoole. Khobwe. Makapu atatu. Sanapemphe."

Lachinayi, pa banki mkhonde, pansi pa msangu,
mzerewo ndinauwerenga ndekha.
Ndinavula kiyi n'kumuika pamphasa.
Kunali zii.
Mbuzi ya wina inkatafuna pepala la shuga kuseri kwathu.
Kachingwe anatsokomola, akuyang'ana zala zake:
"Mitengo ya gulu ija m'mbali mwa dambo,
sinadyedwe ndi chiswe ayi.
Ndinaotcha makala matumba awiri."

"Lemba zimenezonso," anatero Nangondo.
Anatola kiyi, anamupukuta ndi chitenje,
n'kundiponyera pamiyendo.
"Tinasungira nthaka chakudya, ana tinawaiwala.
Pakufunika chigubu china,
chosadzala, chosatseka."

Palibe anaomba m'manja.
Tinangoyamba kukangana za amene apereke chigubu.

Meyi tinakolola zochepa, koma tinakolola.
Ndinabweza makapu asanu ndi limodzi.
Kachingwe anadzala mbande makumi anayi, zinagwira theka.
Juni tinatsikira kudimba,
kupondana pa pampu mosinthana mpaka akatumba kuwawa,
kholowa n'kuyanga kumene kunali ming'alu.
Aja a njinga anabwera kudzafunsa kuya kwa dzenje;
ndinawayezera ndi dzanja langa,
kuchokera chala chapakati kufika pamfundo.

Chigubu chakhumi ndi chisanu chili panja,
pambali pa chitseko, chovindikira ndi mbale yobooka.
Masiku ena ndimapeza chatsika.
Masiku ena chakwera,
khobwe wosakanikirana ndi nyemba za mtundu umene sindiudziwa.
Mapazi amakhalapo pafumbi, aakulu ndi aang'ono.
Ndimasesa ndisanatsegule kope.