Ng'oma M'chiperoni

Chiperoni chinatsika Lachitatu osaodira.
Chinameza bwalo la mpira, chinameza thanki ya madzi,
minda ya tiyi kutsidya inangotsala fungo.
Malaya athu pachingwe kuseri kwa hositelo
anakana kuuma.
Ng'oma nazo zinakana.

Ndinamenya yaikulu, inangoti bwe,
ngati papaya lakupsa lagwera m'matope.
Mayeso mawa m'mawa: tchopa, mphindi khumi ndi ziwiri,
pamaso pa aphunzitsi atatu ndi zolembera zawo zofiira.

Lusekelo wa ku Karonga, amene tchopa anangomuonera pafoni,
anati tiyese ayironi.
Feliya anasolola hotipuleti pansi pa bedi,
ija yoletsedwa, yokazingira soya pakati pa usiku,
koma tisanailumikize magetsi anathima
ndipo koleji yonse inabuula mumdima, aaa!
nyimbo yokhayo imene tonse timaimba osaphonya.

Kusonkha moto pasukulu pano ndi mlandu.
Tinasenza ng'oma zitatu mpaka kugeti
kumene a Muhiwa amaotha mbaula
m'chikhothi chofika m'akakolo.
Zaka ziwiri ndakhala ndikudutsa pamenepo,
kuwaonetsa chiphaso, maso ali pafoni.

Sanafunse kanthu. Anasuntha chitini cha tiyi,
nagoneka ng'oma, zikopa kuyang'ana makala,
kuzitembenuza pang'onopang'ono
ngati akuotcha chinangwa cha mwana wodwala.
Chala chimodzi: tu. Khutu. Kutembenuza. Tu.
"Phulali munaika ngati mukumata ndowa yodontha."
Analikanda ndi chikhadabo, naliumbanso pakatikati.

"Imbani timve."

Ndinaimba zonse ndinaloweza, tsamba lakhumi ndi chinayi,
timadontho takuda pamizere isanu.
Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.
"Zonse zilimo, mwanawe,
koma ukuimba ngati ukuwerenga ndalama za eni.
Yaikuluyi siyankhula nthawi zonse.
Imadikira phazi."

Anavula jombo. Phazi linagunda simenti yonyowa,
ng'oma inayankha mochedwa pang'ono,
pang'ono chabe, mpata woti mpweya ulowe,
ndipo mumpata umenewo msana wanga unazizira.
Feliya anayamba ndi mapewa, Lusekelo anataya patapata,
a kwaya ochokera kutchalitchi anaima ndi mabuku kukhwapa,
anyamata a sewero anatulukira ufa uli kumaso,
wina wa uinjiniya anagwira tochi m'mwamba mpaka mkono kuwawa.
Galimoto ya a bwana ena inaliza hutala kawiri.
Inadikira.

Pambuyo pake, akumanga zingwe za jombo,
anati ankaimbira gulu la kwawo ku Thekerani
asanapite kukatchola tiyi,
msana usanakane dengu.
Sanaonjezere. Makala anali atasanduka phulusa.

M'mawa ndinadikira phazi.
Mayi Nkhonjera anasiya kulemba, cholembera chili m'malere.
Ndinapeza sikisite eyiti.
Koma pansi pa lipoti langa inki yofiira inafunsa:
Gwero? Dzina lonse, chaka, tsamba.

Ndinalemba: Muhiwa,
kenaka cholembera chinaima.
Dzina lawo loyamba sindikulidziwa.
Chaka: usiku uja magetsi anathima.
Tsamba: pageti, kumanzere kwa mbaula.

Lolemba ndinapita ndi kope ndi mabanzi awiri.
Ndinapeza mnyamata wa yunifolomu ya mtundu wina.
Akuti kontirakiti inatha, kampani ina yalowa,
akale ena anawatumiza kukalonda nyumba zosungira katundu ku Luchenza,
ena kaya.
Anandifunsa chiphaso.
Ndinamuyang'ana kumaso, ndinamufunsa dzina.

Lero dzuwa lawala, phiri la Mulanje likuoneka lonse,
malaya auma, ng'oma zakungika zokha.
Lipoti lili patebulo.
Patsogolo pa dzina lija pakadali mpata,
waung'ono,
woti mpweya ulowe.