Dzina Lokwera Ndege

Kusukulu ya ku Chamama ankandifunsa nthawi.
"Iwe Taimu, yakwana bwanji?"
Ine wopanda wotchi, wopanda nsapato,
ndinkaloza dzuwa ndi mlomo n'kudutsa.
Kalaliki wa zitupa nayenso analiwongola osandifunsa,
analemba Tayimu, nadinda chidindo.

Koma ndine Taimi.

Bambo ankathira dothi m'machubu
kunazale ya mitengo kuseri kwa msika.
Kunabwera mayi wa ku Finland wodzawerenga mibawa,
mphuno yake inkasupuka ndi dzuwa la Okutobala
ngati mbatata yowiritsa.
Usiku umene amayi anadwala matenda a ine
mlatho unali utapita ndi madzi,
galimoto ya mayiyo inazungulira njira ya kuesiteti
mpaka kuchipatala cha ku Mtunthama.
Bambo analibe tambala, analibe lichero la mtedza.
Posowa chopereka, anatenga:
anapempha dzina lake n'kundiveka
lisanachapidwe n'komwe.

Tanthauzo sanafunse.
Munthu ukapatsidwa malaya sufunsa telala wake.

Zaka makumi anayi ndalisenza ngati mtolo wa eni ake,
osamasula.
Dzana Gelesomu, mwana wa mlongo wanga,
anandipeza kudambo ndikuthirira fodya,
keni kumanja, matope mpaka m'mawondo.
Anadinadina foni yake yosweka galasi.
"Azakhali, akuti ndi mbande.
Kamtengo kongomera kumene.
Ndi mawu wamba a alimi akwawoko,
anangowatola pansi n'kuyamba kuitanira ana aakazi."

Ndinaseka mpaka keni inatayika.
Mbande!
Dzina kukwera ndege, kuwoloka nyanja zingati kaya,
kudzandipeza nditawerama pa bedi lomweli
ndikuzula tiudzu pakati pa azinzanga.

Akuti kumeneko nthaka imauma gwa ndi chisanu,
khasu limabwerera, dzuwa limachita ulesi miyezi yathunthu.
Ndiye amene anayamba kutcha mwana wake mbande
anali atadikira ndithu.
Ankadziwa kuti tsamba loyamba ndi laling'ono kuposa chikhadabo,
kuti limafuna mthunzi wa udzu
ndi munthu wodzuka mbandakucha.

Ine anandiwokera ku Santhe ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
Ndinafota, monga zimafotera zonse sabata yoyamba,
mutu pansi, osalankhula ndi apongozi.
Kenako ndinagwira.
Atamwalira bambo a ana, abale awo anandizula ndi mizu yomwe,
ndinabwerera kuno ndi dothi pang'ono lokakamira:
ana atatu ndi poto mmodzi.
Amati mbande sawokera kawiri.
Abwere adzandione.

Mwa mibawa ya mayi uja yatsala iwiri,
ina yonse inapita m'matumba a makala.
Kaya iye ali moyo, sindikudziwa.
Gelesomu akuti tingathe kumufufuza pafoni.
Ndamuuza ayambe wanditungira madzi,
mabedi atatu sanamwebe.