Dayisi ya Jafali Ili ku Joni

Dziko langa linagwa Lachiwiri, magetsi atathima.
Ndinali m'kashopu kanga kokonzera mafoni pa boma,
batire ili pa teni, bandulo ikupuma wefuwefu.
Kutacha, asilikali anga zikwi zinayi
anali atagona onse, wondifunsa panalibe.

Jafali ali ku Joni, pa intaneti ya bwana wake.
Amaponya dayisi yekha m'chipinda, n'kutilembera: sikisi.
M'mawa mwake: sikisi.
Achimwene, mbali zinazo zinadyedwa ndi chiswe?

Miyezi isanu ndi iwiri ndinalimanga dzikolo.
Ndinalitcha Chipalanje, ndinalijambulira mbendera
kuseri kwa katoni ya machaja,
ndinakumba madoko, ndinakhometsa msonkho wa mchere.
N'zamasewera, inde.
Koma tulo timene ndinataya sitinali tamasewera.

Tsono imvani, mafumu a m'mafoni.
Pa bawo la pansi pa mtondo ku Mpondasi
njere zimawerengedwa anthu akuona.
Nafenso dayisi igwe kamera ikuyang'ana,
ndipo aponye ndi Mwanaidi wa ku Namwera,
mphunzitsi wa masamu uja, wopanda dziko, wopanda chibale.

Madayisi akhale awiri mbali iliyonse,
kuti tsoka la kamodzi lisameze fuko.
Wobisala m'phiri muonjezereni imodzi:
amene anakwerapo njinga ku Chowe akudziwa chifukwa chake.
Zikafanana, mwini nthaka wapambana,
mlendo abwerere ndi ng'oma zake.
Wamkulu akhale ndi mphamvu, sindikana,
koma kuonjezera kwake kusapitirire ziwiri,
ngakhale akasinja ake atadzaza msewu wa ku Liwonde.

Wogonja ataye gawo, osati mtundu wonse.
Magetsi akathima, nkhondo iime mpaka abwere.
Lachisanu masana mfuti pansi:
Twaibu sangateteze malire ali mu mzikiti.

Jafali, sindikuti ndiwe wakuba.
Tinkasenzera limodzi madengu pa depoti,
nsapato zako zoyamba ndinakubwereka ndine.
Ndikungoti dzanja lobisika, ngakhale loyera,
limanunkha kukaika.

Dzulo ndagula dayisi ya ludo mumsika,
ndayesa malamulo angawa pa tebulo, pakati pa masikuluu.
Yagubuduka, yagwa, yalowa pansi pa benchi.
Ndagwada, ndaunika ndi tochi ya foni ya kasitomala.

Wani.

Ndaseka ndekha mpaka telala wa pafupi wasuzumira.
Kugonja kotere ndikulandira,
poti ndakuona ndi maso anga.