Lachinayi pa Doko

Graciete wagulitsa lesitilanti.
Ndinamva kwa Abílio wosoka maukonde,
iye anamva kwa mkazi wa wophika buledi,
ndipo pofika masana tawuni yonse inali ikudziwa
kupatula ine,
amene ndadya pamenepo zaka makumi atatu,
Lachinayi lililonse,
tebulo la pakona, msana kukhoma, maso kudoko.

Ogula ndi anyamata awiri a ku Lisboa.
Apaka laimu pamene panali mwaye.
Achotsa kalendala ya chaka chimene Natércia wanga anatisiya,
imene Graciete ankakana kuisintha
ati chifukwa chithunzi cha boti chinali chokongola.
Ine ndinkadziwa kuti nkhani si boti.

Ndinapitako. Munthu sanyoza chimene sanalawe.
Mtsikana waulemu anandiuza dzina la boti
limene linagwira nsomba yanga,
ngati sindinalipake penti ndi manja angawa,
ngati Custódio mwini wake
alibe ngongole yanga ya injini.
Sadini zitatu zinabwera pa mwala wathyathyathya,
zitagona motalikirana ngati abale okangana pamaliro,
pambali kadontho ka msuzi wobiriwira
ndi kaduwa.
Kaduwako ndinadya. Nanga ndikanatani nako?
Kunena zoona, nsombazo zinapsa bwino,
ndipo icho n'chimene chinandiwawa.

Zina za m'tawuni muno ndi izi.
Wa ayisikilimu watseka mpaka Meyi,
wamata nyuzipepala pazenera.
Fausto wakweza mtengo wa khofi;
anthu ananyanyala masiku awiri, lachitatu n'kubwerera,
poti kulibe kwina kobisala mvula ikamagwa chammbali.
Banja la ku Goa latsegula pafupi ndi sitolo ya mankhwala,
tsabola wawo wakhetsa misozi ya wansembe
amene sanalire ngakhale poika mayi ake.

Walira mvula walira matope.
Tinalira alendo, abwera,
amajambula mbale asanagwire foloko,
chakudya kuzizira iwo akufunafuna mbali ya dzuwa.
Koma mlendo ndi mame.
Okutobala akafika m'misewu mumatsala ife,
amphaka, ndi fungo la mchere.

Lachinayi lapitali kunagwa chifunga,
maboti onse phee, zingwe zokha zikulira.
Miyendo inakana kutsikira kudoko,
inandikweza masitepe a kuseri kwa tchalitchi.
Adyo anandipeza ndisanafike pakhonde.
Graciete anali pakhomo la kukhitchini,
mawondo atakulungidwa nsalu, chipande m'manja.
"Ndaphika wambiri," anatero osandiyang'ana.
"Dzanja ili silidziwa kuphikira munthu mmodzi."

Mkatimo Abílio anali atakhala kale,
wansembe akunyema buledi ngati wa kwawo,
ndipo pa kampando ka pafupi ndi mbaula,
mawondo kuchibwano, kope pamwendo,
mmodzi wa anyamata a ku Lisboa aja.
Ankafunsa kuti vinyo athire wochuluka bwanji mu mphika.
"Mpaka mphuno ikuuze."
Mnyamatayo analemba zimenezo.
Tinaseka mpaka kutsokomola,
iyenso anaseka, makutu piriwiri,
kenako anandipatsira mbale ndi manja awiri.

Msuzi wa nsomba, mbatata zosweka mkati,
minga yoti uzichotsa wekha ndi zala.
Palibe anatchula dzina la boti.

Kalendala ija ili pamwamba pa sinki.
Mwezi ndi womwe uja.

Ndinabisa ndalama pansi pa mbale,
koma anandithamangira nazo, mawondo omwewo,
n'kuziponya m'thumba la jekete langa
ndi mawu amene sindingalembe pano.
Pazenera lake doko silioneka,
umangoona zovala za aneba zikudontha pachingwe.
Wati Lachinayi ndibwere ndi mpando wanga.
Alipo anayi okha,
ndipo umodzi ndi wogwedera.