Mzere wa 213

Bambo anga amakonza maakodiyoni
m'kachipinda kopenya kudoko la Valparaíso,
ndipo kwa zaka khumi ndi zinayi
akhala akulemba pa webusaiti ndi chala chimodzi.
Masamba 212,
lililonse ndi adiresi yake yokhotakhota
ngati masitepe a m'phiri lathu lino.

Ukafunsa makina ofufuzira
chimene akodiyoni imapumira m'mbali chinyezi chikachuluka,
dzina loyamba kutuluka ndi lawo: Heriberto Barraza.
Magetsi timalipira ndi dzina limenelo.

Tsono seva yakale ikutsekedwa Lachisanu.

"Eulalia, ungokopera zonse n'kukamata uko,"
akutero, zala zili guluu yekhayekha.
Ndikuwauza kuti katundu savuta kunyamula.
Chovuta ndi njira.
Anthu anazolowera chitseko chakale,
akangaude a makina aja anazoloweranso,
ndipo akagogoda n'kupeza 404
sadikira kuti wina adzuke.
Amangokutsitsa, tsamba lachiwiri, lachisanu,
kumene ngakhale wosochera safikako.

Usiku utatu ndinagwada pa ndandanda ya mbali ziwiri.
Kumanzere kwakale, kumanja kwatsopano,
pakati 301,
kakalata kokhoma pachitseko:
tasamukiratu, tilondoleni kuno.
Dzina lakale ndinalilipirira zaka zina ziwiri
kuti kakalatako kakhale ndi pokhomedwa.
Sindinalozere alendo onse kukhomo lalikulu ayi.
Wofuna za mabatani afikire pa mabatani,
wofuna za mvukuto afikire pa mvukuto.
Mitu sindinaikhudze,
ngakhale uja wosowa chilembo chimodzi,
poti ndi mmene amatidziwira.
Mapu a masamba ndinawapereka mbandakucha,
sitima ya makontena ikulira kunyanja.

Sabata yoyamba tinagwa.
Nambala 1 inasanduka 6, kenaka 9.
Foni ya pashopu inangoti zii.
Bambo sanandinene,
ankangopukuta akodiyoni yopukuta kale.
Sabata yachitatu, 4. Chakudya chinayamba kundilowa.
Lachiwiri lotsatira mayi wina wa ku Osorno anaimba
n'kunena kuti watipeza pamwamba penipeni.

Koma m'kaundula wa zolakwika munatsala kanthu.
404, tsiku ndi tsiku,
5:40 m'mawa,
adiresi imodzimodzi: /viejo/foto7.
Pa ndandanda yanga panalibe.
Palibe ulalo unkalozako,
makina sankalidziwa,
silinatibweretserepo kasitomala ngakhale mmodzi.
Ndinayang'ana kumene mlendoyo amachokera.
Inali intaneti ya m'nyumba muno.

Ndinafukula m'zimene ndinasunga seva isanatsekedwe.
Amayi,
chaka chimodzi matenda asanawagwire,
atavala epuloni ya bambo yowafika m'maondo,
pensulo kukhutu,
akuseka ndi kuloza china chake kunja kwa chithunzi.
M'munsi mwake mawu atatu:
Griselda akuti ndalakwitsa.

Masiku makumi awiri ndi atatu
munthu wakhala akugogoda pamenepo
madzi a khofi asanawire,
n'kubwerera,
osandifunsa kanthu,
mwina poopa kuti ndimuuza kuti zinatayika.

Ndalibweza tsambalo.
Mzere wa 213.
Akangaude ndawauza alilambalale,
ili si la mpikisano,
silifuna kukhala loyamba kwa aliyense.

Lero ndinadzuka kusanache,
laputopu pamiyendo, nyali yozima,
agalu a ku Cerro Cordillera akuyankhizana kumtunda.
5:38.
5:39, ndipo ndinaganiza kuti mwina atopa nako kugogoda.
5:40 kaundula analemba 301,
pansi pake 200.

Kuseri kwa khoma mpando unalira pang'ono.
Panapita nthawi yaitali ndithu
ndisanamve ketulo.